Chilonda chosaoneka ndi chikondi chosatchulika

Werengani: 1 Mafumu 19:1-18, 2 Samueli 1:17-27

Chaka ndi chaka mwezi wa November ukafika timaona atsogoleri athu atapachika kaduwa kofiira pamtima, lipenga likulira pachipilala cha asilikali ku Zomba, anthu ali zii kukumbukira amene adatsikira kulichete pankhondo. Akufa timawakumbukira bwino, pakuti akufa savuta. Sadzidzimuka usiku n'kuyamba kukuwa, safuna mankhwala, ndipo sanena zinthu zotichititsa manyazi. Amene amatisowetsa chochita ndi obwerako amoyo.

Lero ndikufuna tilingalire za anyamata awiri a ku England, Wilfred Owen ndi Siegfried Sassoon, asilikali a nkhondo yoyamba ya dziko lonse ya 1914 mpaka 1918, onse awiri alakatuli. Adakumana m'chipatala cha asilikali ozunguzika mitu ku Scotland m'chaka cha 1917, adakhalira limodzi masabata osakwana 12, ndipo wamng'onoyo adakonda mnzakeyo ndi chikondi chimene malamulo a dziko lawo ngakhalenso mipingo yawo sizinkalola n'komwe kuti chitchulidwe. Ndikudziwa kuti ena nkhope zachita kale tsinya. Ndikupemphani muwerenge kaye mpaka kumapeto, paja Kandimverere adakanena za m'maluwa.

Owen adabadwa pa 18 March 1893 ku Oswestry. Bambo ake ankagwira ntchito kunjanji, pomwe mayi ake, a Susan, adali mayi wa pemphero, wa Baibulo m'mawa ndi madzulo, amene ankalakalaka kuti mwana wawo wachisamba adzatumikire mu mpingo. M'chaka cha 1911 mnyamatayu adapita kumudzi wa Dunsden, kufupi ndi Reading, kukathandiza mbusa wa Anglican. Ankayendera odwala, kuphunzitsa ana mawu a Mulungu ndi kulowa m'nyumba za alimi aganyu momwe umphawi udamanga nthenje. Adachokako kumayambiriro kwa 1913 atakhumudwa, poona kuti mpingo ukusamala kwambiri mwambo wa mapemphero kusiyana ndi mimba za anthu ake. Tisafulumire kumutcha wakugwa. Makalata ake a kunkhondo ndi odzaza ndi Khristu, ndipo m'kalata ina ya mu May 1917 adauza mayi ake kuti Khristu amapezeka m'bwalo la imfa lija la pakati pa magulu awiri omenyana, komanso kuti Chikhristu chenicheni sichigona mphasa imodzi ndi kukonda dziko kosaona mbali.

Adalowa usilikali mu October 1915, ndipo atauphunzira adamupatsa udindo wotsogolera kagulu m'gulu la nkhondo la Manchester Regiment. Adafika ku France pamene chaka cha 1917 chinkayamba, m'nyengo ya chisanu choopsa. Mu January iye ndi anyamata ake adakhala maola 50 m'dzenje lobisalamo lomwe madzi ankakwera pang'onopang'ono, mabomba akugwa pamwamba pawo, ndipo mlonda amene adamuika pakhomo adachititsidwa khungu iye akuona. Mu March adagwera m'chipinda chapansi cha nyumba yogumuka usiku n'kumenyetsa mutu. Mu April bomba lidamunyamula m'mwamba ali gone m'mbali mwa njanji, ndipo adakhala masiku angapo m'kadzenje, zidutswa za thupi la msilikali mnzake zili mbwee pafupi naye. Pofika pa 1 May mkulu wake adaona kuti mnyamatayu akunjenjemera, akuiwalaiwala ndipo mawu sakutuluka bwino. Pathupi pake padalibe bala loti munthu n'kuloza.

Nthendayi ankaitcha shell shock, dzina limene Dr Charles Myers adalilemba m'magazini ya madokotala ya The Lancet mu February 1915. Poyamba ankaganiza kuti kuphulika kwa mabomba ndiko kumagwedeza bongo, koma posakhalitsa adaona kuti ngakhale amene bomba silidawagwere pafupi ankadwala chimodzimodzi. Ena ankasanduka osalankhula, ena miyendo inkauma, ena ankabisala kunsi kwa bedi chitseko chikangomenyeka. Pofika kumapeto kwa nkhondo, asilikali a Britain pafupifupi 80,000 adali atalandirapo chithandizo cha nthendayi. Akuluakulu ambiri a nkhondo ankati ndi mantha chabe. Asilikali 306 a Britain ndi maiko ake adawomberedwa ndi anzawo omwe pa milandu monga kuthawa nkhondo ndi mantha, ndipo boma lidawakhululukira m'chaka cha 2006, onse amene adawabereka atafa kalekale. Pepani sapoletsa chilonda. Dzina la PTSD limene madokotala amagwiritsa ntchito lidakhazikika m'mabuku awo m'chaka cha 1980.

Owen adachita mwayi chifukwa adali ndi udindo. Pa 26 June 1917 adafika ku Craiglockhart, chinyumba chachikulu cha miyala kunja kwa mzinda wa Edinburgh, chomwe boma lidachisandutsa chipatala cha maofisala. Masana malowa ankaoneka ngati hotela, anthu akusewera mpira ndi kuyenda m'minda ya maluwa. Usiku kudali kulira ndi kukuwa m'zipinda, aliyense atabwerera ku France m'maloto.

Madokotala awiri a pamenepa ndi oyenera kuwadziwa, pakuti nzeru zawo zikhoza kuthandiza banja lililonse limene likusunga munthu woona zoopsa. Dr Arthur Brock, amene ankasamala Owen, ankakhulupirira kuti munthu wosweka mtima amachira polumikizidwanso ndi nthaka, ntchito ndi anthu. Sadamulole kugona tsiku lonse. Adamupatsa ntchito yokonza magazini ya chipatalacho yotchedwa The Hydra, adamutumiza kukaphunzitsa anyamata pasukulu ya Tynecastle mumzindamo, ndipo adamulimbikitsa kulemba. Winayo, Dr W. H. R. Rivers, adaona kuti malangizo amene odwala ankapatsidwa kulikonse, oti aiwale za nkhondo ndi kumaganiza zokoma zokhazokha, ndiwo ankakulitsa nthenda. Chimene munthu wachikankhira kunja masana chimalowera pazenera usiku. Mu December 1917 Dr Rivers adafotokozera madokotala anzawo ku London za msilikali wina amene adapeza mtembo wa bwenzi lake utanyenyeka ndi bomba, ndipo usiku uliwonse ankalota bwenzilo likumudzera lili lopanda ziwalo. Dokotalayu sadamuuze kuti aiwale. Adamuthandiza kuyang'ana chithunzicho mpaka adaona chimene chidamuphonya: kunyenyeka kwa thupi kuja kudali umboni woti mnzakeyo adafa nthawi yomweyo, osamva ululu. Kuyambira pamenepo maloto aja adayamba kusintha.

Akhristufe timapereka kawirikawiri malangizo a mtundu woyamba uja. Timati iwalani, zidapita, ingopempherani. Koma onani mmene Mulungu adachitira ndi Eliya pamene adathawira m'chipululu atatopa ndi magazi a pa Karimeli n'kupempha imfa. Sadamudzudzule. Adamusiya agone, adamudyetsa, adamusiya agonenso, adamudyetsanso, ndipo atafika ku Horebu adamufunsa funso limodzimodzi kawiri konse, n'kumulola kukhuthula dandaulo lomwelo kawiri konse. Atatero ndi pamene adamupatsa ntchito, ndipo pamodzi ndi ntchitoyo adamupatsa Elisa woti aziyenda naye.

Sassoon adafika pachipatalapo pa 23 July mwa njira ina. Iyeyu adabadwa m'chaka cha 1886 m'banja lopeza bwino ku Kent, ndipo kunkhondo adatchuka ndi kulimba mtima kodabwitsa kotero kuti anzake ankamutcha Mad Jack. Adalandira mendulo ya Military Cross m'chaka cha 1916. Koma mng'ono wake Hamo adafa ndi mabala a ku Gallipoli mu November 1915, ndipo David Thomas, msilikali wachinyamata amene Sassoon ankamukonda kwambiri, adawomberedwa mu March 1916. Iye mwini atavulazidwa ndi chipolopolo mu April 1917, adalemba chikalata chokana kubwerera kunkhondo, ponena kuti amene ali ndi mphamvu zothetsa nkhondoyo akuitalikitsa dala. Chikalatacho chidawerengedwa m'Nyumba ya Malamulo pa 30 July. Kumuzenga mlandu munthu wa mendulo kukadachititsa boma manyazi, choncho mnzake Robert Graves atachonderera, akuluakulu adagamula kuti mutu wake sukuyenda bwino. Makolo athu adati wamisala adaona nkhondo. Kuno kwathu Mbusa John Chilembwe adalembanso kalata yodandaula za nkhondo yomweyi mu November 1914, pofunsa chifukwa chimene anthu akuda osauka ankafera mkangano wa eni chuma, ndipo boma la atsamunda lidaitsekereza kuti isafalikire.

Cha pakati pa August, Owen adalimba mtima n'kukagogoda pachitseko cha Sassoon atanyamula mabuku angapo a ndakatulo za mkuluyo, otchedwa The Old Huntsman, kuti amusainire. Adamupeza atakhala pabedi akupukuta ndodo zake za gofu. Wina wamtali, wotchuka, wa zaka 30, wozolowera kucheza ndi anthu apamwamba. Wina wamfupi, wa zaka 24, mwana wa wogwira ntchito kunjanji, wachibwibwi. Potuluka, Owen adaulula mwamanyazi kuti nayenso amalembako ndakatulo. Sassoon adamuuza kuti abwere nazo.

Zimene adabwera nazo zidali zokometsera, za maluwa ndi mwezi, monga ankalembera alakatuli akale. Sassoon sadamunyengerere. Adamuuza kuti akhetse thukuta, ndipo chitsanzo chake chidamuonetsa kuti matope, utsi wa poizoni ndi nkhope ya mlonda wakhungu uja zikhoza kulowa m'ndakatulo. Madzulo ambiri Owen ankapita kuchipinda kuja ndi mapepala, awiriwo n'kumawerengerana, kufufuta ndi kukonza. Pepala la ndakatulo yotchuka ya Anthem for Doomed Youth lidasungidwa mpaka lero, ndipo likuonetsa zolemba za manja awiri, pensulo ya Sassoon ikusintha mawu apa ndi apo, ngakhale mutu weniweniwo. Mu October adalemba Dulce et Decorum Est, yofotokoza msilikali amene akufa ndi utsi wa poizoni, chinthu chimene chinkamudzera m'maloto. Zimene Dr Rivers ankaphunzitsa ndi zimene Dr Brock ankalamula zidakumana m'chipinda chimodzi: mnyamatayu adayang'ana zoopsa zake maso ndi maso, adazisandutsa ntchito, ndipo pambali pake padali munthu amene adaziona yekha zoterozo, wosafunika kumufotokozera fungo la ngalande za ku France. Chibwibwi chidachepa, manja adaleka kunjenjemera, ndipo kumapeto kwa October madokotala adati wachira mokwanira kubwerera kuntchito zopepuka.

Usiku wotsazikana, kumayambiriro kwa November, Sassoon adamupatsa envulopu yomata n'kumuuza kuti aitsegule iye atachoka. Mudali ndalama yapepala ya mapaundi 10 ndi keyala ya Robert Ross ku London. Atafika kwawo ku Shrewsbury, pa 5 November Owen adalemba kalata imene aliyense woiwerenga sangaitche ya ubwenzi wamba. Adanena mosabisa kuti amamukonda kwambiri, adati Sassoon wakhazikitsa moyo wake ngakhale utakhala waufupi chotani, ndipo adamuyerekeza ndi mlakatuli John Keats, mneneri Eliya, mkulu wake wa nkhondo, wansembe womvera zoulula, ngakhalenso Khristu amene. Apa pokha ndiyenera kuikapo mawu: katundu wa kukhala Khristu wa munthu wina ndi wolemera, palibe phewa la mwamuna kapena mkazi lingausenze, ndipo ambiri ochira kumene amagwa m'mbuna imeneyi posenzetsa wowathandiza udindo wa Mpulumutsi.

Nanga chikondi chimenechi chidali chotani? Za Sassoon n'zodziwika. Kale m'chaka cha 1911 adalembera mlembi Edward Carpenter kumuululira kuti mtima wake umakopeka ndi amuna anzake, ndipo nkhondo itatha adakhala paubwenzi ndi amuna angapo, wodziwika kwambiri Stephen Tennant. Za Owen, olemba mbiri yake ambiri, makamaka Dominic Hibberd m'buku lake la 2002, amagwirizana kuti nayenso adali wotero. Makalata amene adatsala akuonetsa mtima woyaka mbali ya Owen ndi chifundo cha mkulu kwa mng'ono mbali ya Sassoon, ndipo sakamba za thupi. Otsalawo ndi ochepa chifukwa Owen atamwalira mayi ake adatentha thumba la mapepala ake monga iye adawapemphera, ndipo mng'ono wake Harold adadula makalata ena ndi sizasi, ena n'kuwapaka inki. Mantha awo adali ndi maziko. Lamulo la 1885 linkapereka chilango cha zaka ziwiri za ntchito yakalavulagaga, ndipo ndilo lidatsekera Oscar Wilde m'ndende m'chaka cha 1895. Robert Ross uja, amene adalandira Owen ku London n'kumudziwitsa kwa alembi otchuka monga H. G. Wells ndi Arnold Bennett, adali bwenzi la Wilde, ndipo adasautsidwa ndi omuneneza mpaka imfa yake mu October 1918.

Chiphunzitso cha mipingo yathu yambiri pa za ukwati n'chodziwika kwa aliyense wowerenga danga lino, ndipo nkhani ya anyamata awiriwa siichichotsa pamalo pake. Komabe lamulo loletsa umboni wonama lili m'Buku lomwelo, ndipo limateteza akufa ndi amoyo omwe. Kutenga sizasi ya Harold n'kunena kuti awiriwa adali anzake a pantchito chabe ndi umboni wonama. Kutenga liwu limodzi lonyoza, lija limatuluka msanga pakamwa pathu, n'kukwirira nalo munthu yense, kulimba mtima kwake, chifundo chake pa anyamata ake ndi kufunafuna kwake Mulungu, ndi umboni wonamanso. Chimene chidachitika n'chakuti munthu wosweka adadzuka, ndipo dzanja limene lidamudzutsa lidali la munthu amene ambiri a ife sitikadamupatsa mpando pakhonde. Yesu adasimbapo za munthu wovulala panjira ya ku Yeriko, ndipo omvera ake sadakondwe atamva mtundu wa amene adamumanga mabala.

Ena amathamangira kwa Davide ndi Yonatani kuti apezepo chilolezo. Ine sindiwerenga ndimeyo motero, pakuti mlembi wa mabuku a Samueli akukamba za pangano, kukhulupirika ndi mpando wachifumu. Chimene chimandigwira mtima m'ndimeyo n'china. Davide, msilikali wa magazi m'manja, adalira mwamuna mnzake poyera, adatchula chikondi chake mosachita manyazi, ndipo adalamula kuti nyimbo ya maliroyo iphunzitsidwe kwa ana a Yuda. Amuna ambiri a masiku ano, asilikali ndi anthu wamba omwe, alibe bwalo lotere. Tidawaphunzitsa kuti mwamuna salira, ndipo misozi yosatulukayo imakatulukira m'botolo la kachasu kapena pathupi la mkazi ndi ana.

Onse awiri adabwerera kunkhondo, ngakhale ankadana nayo. Sassoon sadathe kupirira maganizo oti iye akugona pabedi loyera anyamata ake ali m'matope. Adatumizidwa ku Palestine, kenako ku France, komwe pa 13 July 1918 msilikali wa mbali yake yomwe adamuwombera m'mutu pomuyesa mdani. Adapulumuka n'kugonekedwa m'chipatala ku London. Kumeneko Owen adakamuona mu August, adakhala limodzi masana ena akumvera nyimbo kwa anzawo, n'kutsazikana pamakwerero a chipatala. Sassoon adali atamuopseza kuti adzamubaya mwendo akadzangoyerekeza kubwerera ku France. Owen sadamuuze tsiku. Adawoloka nyanja kumapeto kwa mwezi womwewo, ndipo uthenga udafika kwa Sassoon pakalata.

Apa pali funso limene madokotala a Craiglockhart lidawasowetsa tulo, makamaka Dr Rivers: kodi kuchiritsa munthu kuti akathe kubwerera kumene kudamudwalitsa ndi kuchiritsa? Owen mwini adauza mayi ake kuti wabwerera kudzathandiza anyamatawo m'njira ziwiri, powatsogolera bwino ndi poona masautso awo kuti adzawalankhulire. Kumayambiriro kwa October adamenya nkhondo molimba mtima ku Joncourt ndipo adapatsidwa Military Cross, mendulo yomwe ija ya mnzake. Adalembera Sassoon kuti mnyamata wina wowomberedwa m'mutu adamugwera n'kukhala pa iye theka la ola, magazi akunyowetsa phewa lake, koma mitsempha yake idali bwino. Pa 31 October adalembera mayi ake ali m'chipinda chapansi chodzaza utsi cha nyumba ya mlonda wa nkhalango, anyamata atapanikizana, akuseka ndi kuphika, ndipo adawatsimikizira kuti wazunguliridwa ndi abwenzi abwino.

M'mamawa wa pa 4 November 1918, akuyesa kuwolotsa anyamata ake pangalande ya madzi ya Sambre-Oise pamudzi wa Ors, adawomberedwa n'kufa ali ndi zaka 25. Nkhondo idatha patangopita sabata imodzi. Lamya ya uthenga wa imfa yake idafika kunyumba kwa makolo ake pa 11 November, mabelu a matchalitchi a mu Shrewsbury akulira kukondwerera mtendere. Pamwala wa pamanda ake ku Ors, mayi ake adalembetsa mawu ochokera m'ndakatulo ina ya mwana wawo, momwe iye ankafunsa mokayika ngati matupi a akufawa adzaukitsidwe. Iwo adadula mawuwo pakati n'kuchotsa chizindikiro cha funso cha kumapeto, kotero kuti kukayika kwa mwana kudasanduka chivomerezo cha mayi.

Sassoon adamva za imfayi patapita miyezi ingapo. Owen ali moyo, ndakatulo zake zisanu zokha ndizo zidasindikizidwa. M'chaka cha 1920 Sassoon pamodzi ndi Edith Sitwell adatulutsa buku loyamba la ndakatulo zake, ndipo m'kupita kwa zaka dzina la wophunzira lidakula kuposa la mphunzitsi. M'chaka cha 1962, potsegulira tchalitchi chachikulu chatsopano cha ku Coventry m'malo mwa chimene chidagumulidwa ndi mabomba a nkhondo yachiwiri, Benjamin Britten adaluka ndakatulo za Owen pamodzi ndi mapemphero akale a maliro m'nyimbo yake ya War Requiem. Mawu a mnyamata amene adachoka ku Dunsden atakhumudwa ndi mpingo adaimbidwa m'nyumba ya Mulungu.

Sassoon adakhala zaka zina pafupifupi 49, ndipo nkhondo sidamuchoke. Adailemba m'mabuku mobwerezabwereza. Adakwatira Hester Gatty mu December 1933, adabereka mwana mmodzi, George, m'chaka cha 1936, koma banjalo lidapatukana nkhondo yachiwiri ikutha. Adakhala yekha m'nyumba yaikulu ku Heytesbury, akufunafuna mtendere umene kutchuka, abwenzi ndi ukwati sizidamupatse, mpaka m'chaka cha 1957 pamene adalowa mpingo wa Katolika ku Downside Abbey ali ndi zaka 70. Ndakatulo zake zomaliza ndi mapemphero. Mu July 1967 Nyumba ya Malamulo idachotsa ku England ndi Wales chilango cha amuna akuluakulu okondana mwamseri. Patangotha masabata asanu, pa 1 September, Sassoon adamwalira, ndipo adaikidwa m'manda a patchalitchi cha mudzi wa Mells ku Somerset.